Kodi nkhondo imazizira?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasekondale ina ku Dedza. Pokamba za mkangano wa Russia ndi mayiko a NATO (mgwirizano wa zankhondo wa America ndi mayiko anzake), ena pa wailesi akumati "nkhondo yozizira yabweranso". Kodi mawuwa ndingawagwiritse ntchito m'kalasi?

Yankho: Aphunzitsi, chonde asiyeni komweko ku wailesiko. Mawuwa angonyamulidwa kuchingelezi (Cold War) osawafunsa ngati kuno akwanako. Kwathu kuzizira ndi kufooka. Ndiwo zikazizira ndiye kuti mchere wachepa, ndipo mnyamata wozizira ndi uja wosachangamuka, womuyankhira anzake. Mwana wa Folomu 3 akamva "nkhondo yozizira" aganiza za kankhondo kaulesi, komenyana moyasamula.

Chikhalirecho nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, umene dzinali limanena, anthu ku Ulaya ankagona mtima uli m'mwamba. Mu 1948 Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anatseka misewu ndi njanji zolowera ku West Berlin, chigawo cha mzinda wa Berlin ku Germany chimene chinali m'manja mwa America ndi anzake, moti chakudya ndi malasha zinkabwera pa ndege pafupifupi chaka chathunthu. NATO inabadwa mu 1949, Soviet Union ndi anzake n'kuyankha ndi mgwirizano wa Warsaw mu 1955. Akasinja a Soviet Union analowa mu Budapest, likulu la Hungary, mu 1956, n'kudzalowanso mu Prague, likulu la Czechoslovakia, mu 1968. Mu Okutobala 1961, pakati pa mzinda wa Berlin, akasinja a America ndi a Soviet anaima moyang'anizana, mizinga italozana, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe. Chozizira n'chiti pamenepa?

Ena amalemba "nkhondo ya mawu". Bola amenewa, koma aperewerabe. Khoma la Berlin, limene linaima kuyambira 1961 mpaka 1989, silinali mawu, ndipo ofuna kulilumpha ankawomberedwa. Ine ndimati "nkhondo yoopsezana", chifukwa chinkachitika n'chimenecho: aliyense kuunjika mabomba anyukiliya n'kumaonetsa mnzake.

Chimandiwawa n'chakuti makolo athu sankavutika chonchi. Taonani mawu oti "kasinja". Munthu anaona chigalimoto chachitsulo chikuphwanya chilichonse chimene chaponda, iye n'kuti ichi chimasinja, basi dzina lapezeka. Agogo anga aamuna nkhondo ya 1914, ija Ajeremani anafika nayo mpaka ku Karonga, sankaitchula ndi nambala ayi. Ankati "nkhondo ya chiwaya", potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Ine sindikayika kuti dzinalo linachokera ku kuthetheka kwa chimanga pokazinga, ndipo wotsutsa abwere tidzakambirane. Anthuwo ankatchula chimene aona ndi chimene amva. Lero timayamba tatsegula dikishonale.

Palinso vuto ndi "yabweranso". Kuyambira pa 24 Febuluwale 2022, pamene asilikali a Russia analowa mu Ukraine, kumeneko kuli nkhondo yeniyeni, mizinda ikugumuka, ndiye musaiike dzina lochepetsa. Kuopsezana kuli pakati pa Russia ndi NATO, imene Finland analowamo mu 2023 ndipo Sweden mu 2024, mayiko amene kale ankakana kutenga mbali.

Ana akadzakufunsani za "masankishoni", pamenepo ndagonja theka. "Zilango" sindiwakonda, chifukwa wolanga ndi kholo kapena woweruza, pomwe apa ndi mayiko odziimira okha akukhaulitsana: a ku Ulaya kusiya kugula malasha ndi mafuta ambiri a Russia, Russia nayo kuchepetsa gasi wopita ku Germany. Chichewa chake ndi "kumanana malonda". Koma mlimi amene anaona mtengo wa thumba la feteleza ukukwera mu 2022 amati masankishoni, ndipo mnzake amamumva bwinobwino. Pa bolodi lembani "kumanana malonda". Akakatuluka panja, alekeni anene zawo.