Alamu, za foni ya mwanayo ndikuyankheni motere

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ndi mulu wa makope oti ndichonge, ndiye uthenga wanu ndaumvetsera pompano nditakhala pansi. Ndati ndilankhule m'malo molemba, kuti agogo ku Katete amve nawo, popeza zilembo zazing'onozi zimawavuta maso.

Funso lanu ndalimva. Mwana wathu wayamba Fomu 1, sukulu ili kutali, amakwera minibasi kuchokera ku Mtendere kukatsika m'tauni n'kukweranso ina. Tsopano akulirira foni ya tachi kuti azipita nayo kusukulu, akuti anzake onse ali nazo. Achimwene akanitsitsa, inu muli ndi mitima iwiri, ndiye mwati ndinenepo ine amene ndimaswera ndi ana m'kalasi.

Ine ndikuti mugulireni kafoni ka mabatani, koimbira ndi kulandirira mameseji basi. Ya tachi ija ayi, asapite nayo kusukulu. Ndikuuzani chifukwa chake, ndipo achimwene mumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa mbali ina ikukhudza inu.

Chaka chatha, temu yachiwiri, ndikuphunzitsa masana. Mtsikana wina anakhala kumbuyo chakuzenera, buku lili lotsegula padesiki, mutu wazolika. Aliyense akanati mwana akuwerenga. Chinandidabwitsa n'chakuti ena onse atembenuza tsamba, iye sanatembenuze, ndipo kuchibwano kwake kunkaoneka kakuwala. Ndinapita pang'onopang'ono n'kuima pambali pake. Foni anaibisa m'mkono wa juzi, chala chachikulu chokha chikugwira ntchito. Nditatambasula dzanja anandipatsa osakana, koma thupi lonse likunjenjemera. Foniyo ili m'manja mwanga chomwechi, inalira kawiri. Dzina limene linatuluka pagalasi linali lakuti "Amalume". Mawu amene analembedwa pamenepo sindingawanene m'gulu muno muli ana, koma malume weniweni salembera mphwake zotero.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye sindinangoitsekera m'kabati ya adeputi n'kuiwala. Tinaitanitsa mayi ake. Anabwera mawa lake atavala epuloni ya kumsika, akununkha kapenta, asiya malonda. Titaika foni patebulo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, ine mwanayu sindinamugulirepo foni. Ndinamukaniza." Anayamba kulira pomwepo. Foniyo, tokotaimu, mabando, zonse ankapereka ndi bambo uja wachikulire, ndipo mwana anasunga chinsinsi miyezi ingapo m'nyumba ya chipinda chimodzi.

Achimwene, apa m'pamene ndimati mumvetsere. Kungonena kuti "ayi" n'kutseka nkhani sikuchotsa chilakolako mumtima mwa mwana. Kunjaku kuli anthu amene amadikirira mwana wokanizidwa kwawo. Bola foni ichokere m'manja mwanu, nambala muidziwe, simu ilembetsedwe pa NRC yanu, chitupa chanu cha unzika chija, ndipo mwana adziwe kuti tsiku lililonse amayi ake akhoza kuitenga n'kuona amene waimba. Muzichita zimenezo poyera, iye ali pomwepo, osati mozemba usiku akagona.

Ndipo za njirayo, alamu, mantha anu ndi anga omwe. Mukukumbukira pamene mnyamata wanga anali Giredi 8, mwezi wa February, mvula ija inagwa kuyambira masana osakata. Misewu inadzaza madzi, minibasi imene anakwera inathima pakati pa madzi, kondakitala n'kuwatsitsa onse, ndalama osabweza. Ine ndinaima pasiteji ndi ambulera mpaka cha m'ma 8 koloko usiku, basi iliyonse ikaima ndikusuzumira pazenera. Anafika wapansi, nsapato zili m'manja, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Akanakhala ndi kafoni akanangoti, "Amayi, ndili pakutipakuti." Usiku umene uja sindiufunira kholo lina lililonse. Choncho mwana wamkazi amene amaweruka 5 koloko madzulo n'kukasintha basi pa Kulima Tower, nthawi imene tauni yadzaza anthu, ayenera kukhala ndi njira yokuimbirani. Pamenepo sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Koma ntchito imeneyo kafoni ka mabatani kamaikwanitsa. Batire lake limakhala masiku angapo ngakhale malaiti avute ngati mmene anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ndipo akuba a m'tauni sakathamangira ngati mmene amathamangira ya tachi.

Tsopano za m'kalasi. Chiyambireni maphunziro aulere mu January 2022, ana achuluka kwambiri, ndipo ndi chinthu chabwino, ana amene ankakhala kunyumba chifukwa cha fizi abwerera. Koma kalasi langa lili ndi ana oposa 70, ena atatu padesiki imodzi. Piriyodi ndi ya mphindi 40. Foni imodzi ikalira, mitu yonse imatembenuka, kuseka kumayamba, kuti uwabweze pa phunziro mphindi zapita. Ndiye tangoganizani mafoni 30. Ndipo si kulira kokha. Mwana amene akudziwa kuti m'chikwama muli meseji ikumudikira, thupi lili m'kalasi koma nzeru zili m'chikwama. Ndimawaona maso awo, ndimadziwa.

Anyamata awo vuto lawo lalikulu ndi kubetcha. Ndalama ya basi, K5, K10, amaiika pa Airtel Money kapena MTN MoMo pa simu ya mkulu wawo, n'kuyamba kubetchera mpira wa ku England pa nthawi yopuma. Akaluza amayenda wapansi kupita kunyumba, akawina kamodzi ndiye kuti mwamutaya, masamu sakuwamvanso. Palinso kujambulana. Mwana akagwa, akang'ambika yunifomu, akalakwitsa kuwerenga, wina wajambula kale, pofika madzulo zili pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp. Ndinali ndi mwana amene anajomba milungu iwiri chifukwa cha manyazi a zimenezo. Nanga kuba? Foni yodula ikasowa, tsiku lonse limathera kusecha zikwama, ndipo amene amayamba kulozedwa chala ndi mwana wosauka amene wabwera osadya kanthu m'mawa. Zimenezo zimandipweteka kwambiri.

Kenako mayeso. Amene muli ndi ana akuluakulu mukukumbukira October 2018, pamene boma linaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 dziko lonse chifukwa pepala la masamu la Giredi 9 linatuluka n'kumazungulira pa mafoni. Ana amene anawerenga moona mtima anavutika chifukwa cha likeji ya ena. A ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, salola foni m'chipinda cha mayeso, ndipo mwana akapezeka nayo zotsatira zake zikhoza kufufutidwa, zaka zonse zija n'kupita pachabe. Mwana amene wazolowera kuti foni sichoka m'thumba, tsiku la mayeso amaiwala kuisiya, kapena amayesedwa. Ndibwino azolowere kuyambira Fomu 1 kuti pakhomo la kalasi foni sidutsa.

Amalume, ndaona mwalemba kuti dziko lapita patsogolo, tisabweze ana kumbuyo. Sindikukutsutsani konse. Mu March 2020 masukulu atatsekedwa chifukwa cha korona, ndiponso kumayambiriro kwa 2024 pamene kolera inachedwetsa kutsegulira mpaka February, nthawi ija odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, foni ndi imene inatithandiza. Ine ndinkalemba manotsi pamanja, kuwajambula, n'kutumiza m'gulu la makolo. Mapepala a mayeso akale ana amawapeza pa foni. Ngakhale zotsatira za mayeso masiku ano timaziona pa foni. Makompyuta kusukulu kwathu ndi ochepa, ndiye mwana amene sanagwirepo intaneti kunyumba amatsaliradi. Zonsezo n'zoona. Koma onani kuti zabwino zonse ndatchulazi zinkachitikira kunyumba. Ndipo ngakhale mayiko amene ali ndi zipangizo zonse anafika poona vutoli. France inaletsa mafoni m'masukulu a pulaimale ndi a sekondale yoyambirira mu 2018, Netherlands nayo inachotsa mafoni m'makalasi a sekondale kuyambira January 2024. Amenewo si anthu oopa makompyuta ayi.

Ndiye alamu, intaneti aziigwiritsa ntchito kunyumba, pa foni yanu kapena ya achimwene, madzulo akamaliza ntchito zapakhomo, atakhala pabalaza pamene aliyense akudutsa. Ola limodzi likwanira kufufuza homuweki ndi kutsitsa mapepala akale. Akafuna kucheza ndi anzake pang'ono, mulekeni, nayenso ndi munthu, asamadzione ngati mkaidi. Koma kuchipinda usiku foni isalowe. Ana amene amawodzera m'piriyodi yoyamba, ukawafunsa bwinobwino, ambiri anagona mochedwa ali pa foni m'bulangete.

Chinthu china chofunika, musanagule n'komwe. Pitani kusukuluko mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi lake kapena adeputi, mukafunse lamulo lawo. Masukulu amasiyana. Ena amalanda foni iliyonse, ya mabatani yomwe, n'kubweza potsekera temu kapena kholo likabwera. Ena ukawafotokozera za mtunda amalola kuti mwana aziisiya ku ofesi m'mawa n'kuitenga poweruka. Mukagwirizana, pemphani kuti alembe penapake, kuti mphunzitsi wina asadzamulande osadziwa. Akakana ndithu, musamuuze mwana kuti "ingobisa m'sokosi." Ndikukupemphani, musatero. Mukamuphunzitsa kubisira aphunzitsi, mawa adzabisira inu. Zikatero tipeze munthu wodalirika pafupi ndi sukulu woti azimusungira. Azakhali aja amene amasoka zovala chakumeneko ndikhulupirira sangakane, ndikhoza kuwaimbira ine.

M'kafonimo musungemo manambala ochepa: yanu, ya achimwene, yanga, ya aphunzitsi ake, ndiponso 116, ija ya Childline, yaulere, imene mwana angaimbe ngati wina akumuvutitsa ndipo akuopa kutiuza ife. Mumuuze kuti nambala yachilendo ikaimba kapena munthu akamutumizira tokotaimu osapempha, abwere adzakuonetseni, ndipo akabweradi musamukalipire. Mukamukalipira tsiku loyamba, lachiwiri sadzabweranso.

Ndikudziwa kuti alira. Anena kuti anzake amuseka ndi kafoni ka agogo. Mawu amenewo musawapeputse, pa msinkhu wake kusekedwa kumawawa zenizeni. Khalani naye pansi, mumuuze kuti si chilango, ndipo mumulonjeze nthawi imene mudzaionenso nkhaniyi, kaya akamaliza Fomu 2, malinga ndi mmene wasungira kakang'onoka. Zoti anzake onse ali nazo si zoona, m'kalasi langa ambiri alibe, kungoti amene ali nazo ndi amene amaonekera.

Ngati mukufuna, nkhani ya mtsikana uja ndidzamufotokozera ndekha, mwina kwa azakhali ake adzamva mosiyana. Loweruka ndilibe zochita m'mawa. Ndibwera kumeneko cha m'ma 9 koloko, titengane atatu tipite m'tauni, kafoniko akasankhe yekha mtundu umene akufuna. Achimwene, NRC yanu mutisiyire kapena mubwere nafe chifukwa cha simu. Agogo, ndikuimbirani mawa ndikaweruka.