Mpiru wosiyira mbewu: musankhe uti?

"Alangizi, mbewu ya mpiru ndimasunga ndekha chaka ndi chaka, koma masiku ano ukumachita maluwa ndisanatchole mokwanira. Kodi mbewuyi yatopa?"

Siyinatope ayi, mayi. Vuto lili pa kasankhidwe. M'dimba limodzi mpiru sukhala wofanana: wina umafulumira kuchita maluwa, wina umachedwa, wina wamasamba otambalala, wina wanthambi zambiri. Makhalidwe amenewa amapita mu njere. Ambiri amasiyira mbewu mpiru umene wayamba kuchita maluwa, poti masamba ake sakugulitsikanso. Mukatero zaka zingapo, ndiye kuti mwadzisankhira nokha mpiru wofulumira kuchita maluwa. Kutentha ndi kuchepa kwa madzi nakonso kumafulumizitsa maluwa, koma zimenezo mumaziona nyengo imodzi yokha.

Chaka chino zulani wofulumirawo mukadye ndiwo maluwa asanatseguke. Wochedwa, wamasamba aakulu, wopanda matenda, womwe nsabwe sizinaugwire kwambiri, muumangirire kansalu ndipo musautchole mobwerezabwereza, chifukwa masambawo ndiwo amadyetsa njere. Musadalire tsinde limodzi ngakhale likongole bwanji. Sankhani 20 kapena kuposerapo. Ndimaumirira pamenepa chifukwa mbewu yochokera ku tsinde limodzi ikagwidwa matenda, dimba lonse limapita.

"Nanga ine wofuna njere zambiri zogulitsa?"

Inu, bambo, yang'anani nthambi ndi timakoko. Tsinde lanthambi zambiri, lodzaza timakoko titalitali ta njere zonenepa, losagwa ndi mphepo, ndilo lanu. Ku India, makamaka ku Rajasthan, mpiru amaulimira mafuta ophikira, ndipo akatswiri opanga mbewu kumeneko amayang'ana zomwezi. Koma musatengeke ndi tsinde la m'mphepete mwa bedi kapena la pomwe munaunjika manyowa. Limenelo langodya bwino.

Mpiru nthawi zambiri umadzibereketsa wokha, komabe njuchi zimanyamula mungu kuchoka ku mtundu wina wa mpiru. Choncho mitundu iwiri isachite maluwa moyandikana. Ngati paketi yomwe munagula yalembedwa F1, kutanthauza mbewu ya haibridi, musasunge njere zake, zimatuluka zosiyanasiyana.

Dulani m'mawa timakoko tikayamba kuchita chikasu, chifukwa tikaumira m'dimba timaphulika, njere n'kutayika. Yanikani pa chiguduli, pukusani, petani, ndipo njere zikauma gwa sungani m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira.