Ulendo wa gulu wa surfing ndi ntchito yodzipereka: yambani ndi amene sasambira bwino

Achemwali, mwati muli anthu 8, muli ndi masabata atatu, mukufuna kuyenda ndi zikwama zakumsana, kuphunzira surfing (masewera okwera thabwa pa mafunde a m'nyanja) ndi kugwirako ntchito yodzipereka, ndipo ambiri mwa inu simunakwerepo thabwa pa mafunde. Musayambe ndi kusankha dziko. Yambani mwadziwa amene ali wofooka pa madzi m'gulu lanulo, chifukwa gombe loti mupiteko liyenera kukhala loti iyeyo angalithe.

Kudakali miyezi itatu, pitani nonse kudziwe losambirako. Aliyense asambire mamita 200 osapuma, kenako ayandame mphindi 10 phazi lisanagunde pansi. Amene walephera ayambe kuphunzira pompano, asachite manyazi. Thabwa limayandamitsa munthu, inde, koma chingwe cholimangira kumwendo chimaduka, ndipo chikaduka umabwerera kumtunda ndi mikono yako.

Ophunzira amafuna gombe la mchenga lozama pang'onopang'ono, osati la miyala. Muizenberg ku Cape Town ndi lotere, koma madzi ake ndi ozizira, mudzafunika wetsuit, chovala chothina chosambirira choteteza kukuzizira. Weligama kumwera kwa Sri Lanka ndi yabwino kuyambira Novembala mpaka Epulo, pomwe Arugam Bay, kum'mawa kwa chilumba chomwecho, nyengo yake ndi Meyi mpaka Sepitembala. Magulu ambiri amaphonya pamenepa: dziko asankha bwino, koma afika kugombe lolakwika pa mwezi umenewo. Dera la Taghazout ku Morocco limakoma Okutobala mpaka Malichi, ndipo Kuta ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, imakoma m'chilimwe cha kumeneko, Epulo mpaka Okutobala. Magombe a Supertubes ku Jeffreys Bay, m'dziko la South Africa, ndi Uluwatu ku Bali ndi a akatswiri, inu mukaonerere muli kumtunda. Pa masabata atatu musapitirire malo awiri, chifukwa kusamuka kulikonse kumadya tsiku lathunthu.

Mathabwa musanyamule. Ndege zambiri zimalipiritsa thabwa paulendo uliwonse, mabasi amavuta nalo, ndiponso limasweka m'njira. Bwerekani komweko thabwa lofewa la siponji, lotalika mafiti 8, ndipo mulijambule mbali zonse musanalitenge kuti asadzakulipiritseni ming'alu yakale. Masiku atatu oyamba lipirani mphunzitsi, m'modzi pa anthu anayi. Anthu 8 akalowa pamodzi pamalo amodzi amagundana okhaokha ndiponso amakwiyitsa eni gombe. Lamulo la m'madzi ndi lakuti funde ndi la munthu amene ali pafupi ndi pomwe layambira kusweka, ena onse am'patse njira.

Chomwe chimamiza anthu kwambiri ndi mpita wa madzi obwerera kwakuya, umene anthu a surfing amati rip. Umanyenga chifukwa umaoneka wabata: madzi oderapo pakati pa mafunde osweka, thovu ndi zinyalala zikulowera kunyanja. Ukakukoka usalimbane nawo, udzatopa usanafike kumtunda. Gwira thabwa, palasa cham'mbali motsata gombe mpaka utuluke mumpitawo, ndipo ukalephera kweza dzanja anthu akuone. Ukagwa, vuuka mikono itaphimba mutu, chifukwa thabwa lako lomwe limabwerera kudzakumenya. Usaliyike pakati pa iwe ndi funde. Maola awiri m'madzi ndi okwanira pa tsiku, ndipo tsiku lachinayi mupume, mapewa ndi nthiti zidzakhala zikuwawa.

Tsopano ntchito yodziperekayo, yomwe magulu ambiri amaitenga ngati chokometsera ulendo. Choyamba ndi viza. M'mayiko ambiri ntchito ndi ntchito ngakhale usalandire malipiro, ndipo viza ya alendo odzaona malo siyilola. Indonesia ndi Sri Lanka onse ali choncho, ndipo Indonesia imathamangitsa alendo ophwanya lamuloli. Ngakhale kusesa kapena kulandira alendo pa hostel (nyumba yogona alendo yotsika mtengo) kuti mugone ulele kumawerengedwa ngati ntchito m'malo ambiri. Lemberani ofesi ya kazembe wa dzikolo, fotokozani zomwe mukachite, yankho mulisunge. Mawu a bungwe lokonza ntchitoyo akuti "aliyense amangolowa ngati mlendo" sadzakuthandizani pamaso pa wa imigireshoni.

Chachiwiri, kumalo osungirako ana amasiye musapite. Ana amazolowera mlendo, pakatha sabata wachoka, kubwera wina, ndipo mtima wa mwana sumapirira zimenezi. Komanso ndalama za alendo zachititsa kuti malo ena azitenga ana omwe makolo awo alipo. Bungwe lililonse lokulolani kukhala ndi ana osakufunsani kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, lisiyeni.

Funsani bungwe mafunso awa, ayankhe polemba: ntchitoyi anaipempha ndani, akuyang'anira ndani mukachoka, pa ndalama zomwe mukulipira ndi zingati zikupita ku ntchitoyo ndipo zingati ndi za malo ogona, nanga munthu wa komweko sakanalembedwa ntchito imeneyi? Ngati simunamangepo khoma, musapite kukamanga kalasi. Zomwe gulu la masiku ochepa lingachite moona mtima ndi kutola ndi kusanja zinyalala m'gombe, kudzala mitengo motsogozedwa ndi eni dera, kapena luso lomwe wina ali nalo kale, monga kukonza makompyuta kapena kulemba mabuku a ndalama. Perekani sabata yathunthu pamalo amodzi. Zimayenderana bwino ndi surfing, popeza m'magombe ambiri mphepo imakhala yochepa m'mamawa ndipo imasokoneza mafunde masana: m'madzi dzuwa likutuluka, kuntchito pambuyo pake.

Inshulansi muiwerenge mzere ndi mzere. Itchule surfing, ntchito yamanja, ndi kukunyamulani kupita kuchipatala chachikulu. Wochita ngozi pa njinga yamoto alibe laisensi yake kapena chisoti, kawirikawiri salipiridwa, ndipo njinga zobwerekazi zimavulaza alendo ambiri ku Bali. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala ndi masamba osadindapo, ndipo kaonaneni ndi achipatala za katemera kudakali masabata 6. Bala lochekedwa ndi miyala ya m'nyanja limatukusira msanga, litsukeni ndi madzi abwino ndi sopo tsiku lomwelo.

Chikwama cha malita 40 n'chokwanira, ndipo ndege zambiri zimalola makilogalamu 7 m'manja. Musaiwale malaya osambirira a manja aatali, chifukwa thabwa limasupula pamimba.

Za ndalama mugwirizane polemba ubwenzi ukadali bwino. Aliyense agule yekha tikiti ya ndege m'dzina lake. Mukafufuza mipando 8 nthawi imodzi, kompyuta imaika onse pa mtengo wa mpando wodula, choncho fufuzani awiriawiri. Thumba la gulu likhale la malo ogona, mayendedwe ndi mphunzitsi basi, lisungidwe ndi anthu awiri, ndipo muwonjezepo 15 pa 100 iliyonse ya zadzidzidzi. Ikani tsiku lomwe wosintha maganizo sabwezeredwanso chikole chake, apo ayi awiri akasiya, anthu 6 otsala adzalipira nyumba ya anthu 8.