Ndikufuna poimika galimoto yamagetsi kutsogolo kwa nyumba, kodi chilolezo chikufunika?

Mayi wina wokhala ku England watilembera imelo. Anagula nyumba m'dera lomwe khonsolo inaliika m'gulu la conservation area, ndiye kuti dera lomwe maonekedwe ake akale ndi otetezedwa. Kutsogolo kwa nyumbayo kuli kadimba ka maluwa ndi mpanda wa njerwa. Funso lawo ndi ili: "Ndikufuna kugwetsa mpandawo, ndikonze poimika galimoto, ndiike chaja pakhoma. Womanga akuti chilolezo sichifunika poti boma likulimbikitsa magalimoto amagetsi. Kodi n'zoona?"

Mayi, womangayo musamupatse ndalama kaye. Mpanda ndi bwalo zili ndi malamulo ake, ndipo malamulowo safunsa ngati galimoto imayendera petulo kapena batire. Lamulo la 1990 loteteza nyumba ndi madera akale limauza khonsolo kuti m'dera ngati lanulo iyang'anitsitse chinthu ichi: kodi ntchitoyo ikusunga maonekedwe a malowo kapena ikuwawononga? M'misewu yambiri yakale, mzere wa mipanda ndi timadimba ndiwo maonekedwe omwe akutetezedwawo.

Yambani ndi kufufuza ngati msewu wanu uli pansi pa Article 4 Direction. Nthawi zambiri mwini nyumba ku England ali ndi ufulu wochita ntchito zing'onozing'ono osapempha chilolezo, koma khonsolo ikaika Article 4 imachotsa ufuluwo, ndipo kuyala simenti kutsogolo kwa nyumba kapena kusintha mpanda ndi zina mwa zomwe imakonda kuchotsa. Zimenezi zimalembedwa pa webusaiti ya khonsolo, msewu ndi msewu. Ngati nyumba yanu ndi fulati, ufulu woyala bwalowu mulibe chiyambire. Ikakhala listed building, ndiye kuti nyumba yomwe boma linailemba m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, malamulo ake ndi okhwima kuposa apa.

Tinene kuti Article 4 palibe. Mukhoza kuyala bwalo popanda chilolezo, koma likaposa masikweya mita 5 liyenera kukhala lolowetsa madzi m'nthaka, apo ayi madzi ake azitsikira pa kapinga kapena m'maluwa a pakhomo panu pomwepo. Lamuloli linayamba mu Okutobala 2008, madzi osefukira a 2007 ataonetsa kuti ngalande za m'matauni zimadzaza msanga anthu akakwirira madimba ndi konkireti. Galimoto imodzi imadya malo oposa masikweya mita 11, choncho lamuloli likukukhudzani.

Apa ndi pomwe omanga ambiri amalakwitsa. Amayala njerwa zolowetsa madzi pamwamba, pansi n'kuthira miyala ya MOT Type 1, yomwe ili ndi fumbi lambiri. Akaisindira imauma gwa, madzi osadutsa, mvula ikagwa mumaona chithaphwi pakhomo ndi ndere m'mipata ya njerwa. Auzeni athire Type 3, yokhuthala pafupifupi mamilimita 150. Akatchula resin, ndiye kuti timiyala tomata ndi guluu wapadera, funsani bwino: resin bound imalowetsa madzi, resin bonded silowetsa. Mayinawo ndi ofanana, ntchito yake ndi yosiyana.

Tsono mpanda. M'dera lotetezedwa, kugwetsa mpanda, geti kapena zitsulo zotalika mita 1 kapena kuposerapo m'mbali mwa msewu kumafuna chilolezo, ndipo kugwetsa popanda chilolezo ndi mlandu wopita nawo kukhoti. Tengani tepi muyeze lero. Ngati pabwalopo pali mtengo womwe thunthu lake ndi lonenepa kuposa mamilimita 75 mukayeza pa mita 1.5 kuchokera pansi, muyenera kudziwitsa khonsolo masabata 6 musanaudule kapena kuusadza.

Chinthu chomwe chimalepheretsa anthu ambiri ndi dropped kerb, kutsitsa mphepete mwa msewu kuti galimoto izidutsa panjira ya oyenda pansi. Chilolezo chake ndi chapadera, chimachokera ku nthambi yoona za misewu pansi pa Highways Act ya 1980, ndipo akhoza kukukanizani ngakhale a planning, nthambi ya khonsolo yopereka zilolezo za zomangamanga, atavomera. Makhonsolo ambiri amafuna kuti kuchokera pakhoma la nyumba kufika pamalire pakhale mamita 4.8, m'lifupi mamita 2.4, kuti galimoto isatulukire kunjira. Nyumba zambiri zakale zogundana zili ndi kadimba kosafika pamenepo, makamaka pomwe pali windo lotulukira panja. Amakananso pakakhala mtengo wa khonsolo pafupi, polo ya nyali, mphambano, kapena ngati ntchitoyo ichotsa malo omwe anansi amaimikapo. Msewu ukakhala wa gulu A, B kapena C, khomo lolowera galimotolo limafunanso chilolezo cha a planning. Malangizo athu ndi akuti muyeze kuya kwa bwalo ndi kufunsa a misewu musanalipire wojambula mapulani.

Chaja ndiye chapafupi pa zonsezi. Ya pakhoma siifuna chilolezo ngati siposa 0.2 cubic metre, ndipo kuyambira Meyi 2025 lamulo loletsa kuiika pasanathe mamita 2 kuchokera kumsewu linachotsedwa. Koma ufuluwu ndi wa malo omwe ndi ovomerezeka kale kuimikapo galimoto. N'chifukwa chake chaja muigule pomaliza.

Mukafuna kupempha chilolezo, pemphani pang'ono. Pulani yochotsa mpanda wonse ndi kukwirira dimba lonse imakanidwa kawirikawiri. Yomwe ili ndi mwayi ndi yotsegula mpata wa galimoto imodzi basi, kumanganso zipilala ndi njerwa zomwe mwagumulazo, kusiya hedge ndi maluwa mbali ina, ndi kuyala timizere tiwiri ta miyala poponda matayala, pakati n'kusiya udzu. Werengani chikalata cha khonsolo chotchedwa conservation area appraisal, chomwe chimafotokoza zomwe zikutetezedwa m'dera lanu. Chikatchula mipanda ya msewu wanu ngati chinthu chofunika, dziwiranitu kuti ntchito ilipo, ndipo m'pempho lanu muyankhe mfundo imeneyo mwachindunji. Jambulani zithunzi za nyumba zoyandikana nazo, koma musadalire kwambiri zoti a neba anachita kale, chifukwa ena anachita Article 4 isanabwere.

Pempho limapita kudzera pa webusaiti ya Planning Portal. Anansi amapatsidwa masiku 21 oti anenepo maganizo awo, ndipo yankho limayenera kutuluka m'masabata 8. Akakukanizani muli ndi masabata 12 ochita apilo ku Planning Inspectorate, bungwe la boma lomva madandaulo otere. Ngati mwapeza kuti chilolezo sichikufunika, pemphanibe Lawful Development Certificate, chikalata cha khonsolo chotsimikiza kuti ntchitoyo ndi yololedwa, chidzakuthandizani tsiku logulitsa nyumba loya wa wogula akadzafunsa mapepala.

Bwalo likapezeka kuti ndi lalifupi, funsani a misewu ngati amalola kangalande kobisa chingwe kodutsa panjira ya oyenda pansi, ngati komwe anayesa ku Oxfordshire. Galimoto imakhala pamsewu, mpanda wanu n'kutsala chilili. Chonde musangoyala chingwe panjira popanda kufunsa, poti munthu akapunthwa n'kuvulala, mlandu ukhoza kugwera inu.