Kudula nyimbo za kwaya zambiri nthawi imodzi ndi ffmpeg

M'bale wina wa ku Ulongue, m'boma la Angónia ku Mozambique, wanditumizira imelo. Akuti amajambula nyimbo za kwaya ya kutchalitchi kwawo pa foni, koma iliyonse imayamba ndi phokoso: mabenchi akukokedwa, wina akutsokomola, wa kiyibodi akufunafuna kiyi. Ali ndi laputopu yakale ya Ubuntu, ndiye akufunsa ngati pali njira yodulira mafayilo onse pakamodzi.

Ilipo achimwene, ndipo laputopu yanuyo ikwanitsa bwinobwino. Ikani pulogalamu yaulere ya ffmpeg polemba sudo apt install ffmpeg mu Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta.

Kumvetsera kokha ndiye kompyuta singakuchitireni. Mverani nyimbo iliyonse, mulembe mu mndandanda.txt dzina lake, poyambira ndi pothera, nyimbo iliyonse pa mzere wakewake:

aleluya.m4a 00:00:14 00:04:52

Mayinawo asakhale ndi mipata pakati. Kenako sungani izi mu fayilo ya dula.sh, m'foda momwe muli nyimbomo ndi mndandanda.txt:

mkdir -p zodula
while read -r fayilo poyamba pothera; do
ffmpeg -nostdin -i "$fayilo" -ss "$poyamba" -to "$pothera" -c copy "zodula/$fayilo"
done < mndandanda.txt

Tsegulani Terminal m'foda imeneyo, lembani bash dula.sh, basi.

Chomwe ndikupemphani kwambiri n'chakuti musachotse -c copy. Mafayilo a MP3 ndi m4a amakhala ochepa chifukwa mbali ina ya mawu inatayidwa powapanikiza. Mukalola ffmpeg kuwapanikizanso, amatayanso ina, ngati kupanga fotokope ya fotokope. Amayi anu oyimba soprano aja anayeserera masabata ambiri, si bwino kuti mawu awo azimveka okandakanda chifukwa cha ife odula. Ndi -c copy mawu amangokopedwa mmene alili, ntchito n'kutha mwachangu. N'zoona kuti podula sipagwera ndendende pomwe mwalemba, poti MP3 imasungidwa m'tizigawo ta pafupifupi mamilisekondi 26, koma khutu silingazindikire zimenezo.

Nayo -nostdin ndi yofunika. Popanda iyo, ffmpeg amameza zilembo za m'mndandanda wanu, ndiye nyimbo zina zimadumphidwa kapena dzina limaduka mutu.

Zodulidwa zonse zikupita mu foda ya zodula, zoyambirira zikhala osakhudzidwa. Musazifufute, ngakhale malo atachepa. Bola muzikopere pa fulashi.

Polemba poyambira, musayandikize kwambiri mawu oyamba. Siyani theka la sekondi kuti mpweya umene oyimba amakoka asanayambe umveke. ffmpeg amalandira nthawi yolembedwa chonchi: 00:00:13.5