Kwa amayi amene mukusamukira ku Lilongwe ndi ana awiri

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati abambo akunyumba awasamutsa pantchito kuchoka ku Zomba kubwera ku Capital Hill, muli ndi mwana wa zaka 6 ndi wina wa zaka 2, galimoto ndi imodzi, ndipo mukufuna kudziwa dera labwino kulererako ana. Ndaona ena akuyankhani kale kuti Area 47, ena Area 10, wina wangolemba kuti "43 basi" ngati lendi akakulipirirani ndi iyeyo. Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Blantyre mu 2016 mwana ali kumsana, ndipo ndasamuka nyumba katatu, ndiye mundilole nditalikitseko.

Choyamba, manambala a maeliya asakupusitseni. Sanawapereke motsatira kuyandikana kwa malo ayi. Area 47 yayandikana ndi 49, zoona, koma Area 36 ili kummwera, njira ya ku Bunda, pamene Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Area 18 ndi Area 23 manambala akuoneka oyandikana, koma zili mbali zosiyana za mzinda. Lilongwe ndi yotambalala, si ngati Zomba kumene mumatsika pa phiri n'kufika kumsika musanatuluke thukuta. Chikhalireni likulu mu 1975 mzindawu wakhala ukungofutukuka, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu anali atatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni.

Ndiye musayambe ndi dzina la eliya. Yambani ndi ulendo wa m'mawa uliwonse. Galimoto imodziyo ikuyenera kutula wamkuluyo kusukulu kenako n'kufikitsa bambo ku Capital Hill nthawi yantchito isanakwane. Mukakhala kumene kukufunika kudutsa mu Old Town, pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, dziwani kuti ana muzidzawadzutsa kudakali mdima. Ine ndinakhalapo choncho chaka chathunthu, mwana ankadyera phala m'galimoto, yunifolomu n'kumafika kusukulu ili ndi madontho. Ndipo kumbukirani mizere ya mafuta ya kumapeto kwa 2024 ija. Amene nyumba, sukulu ndi ntchito zinali pafupi ankangoyenda wapansi, ife akutali tinkakweza ana pa kabaza wa njinga yamoto mtima uli m'mwamba. Pa chifukwa chimenechi, kwa munthu wogwira ntchito ku Capital Hill ine ndingayambe kuyang'ana Area 18, kenako 47 ndi 49, kenako 25.

Area 18 ndimaikonda ngakhale anthu amainyoza kuti nyumba zake n'zakale ndiponso zing'onozing'ono. N'zoona, zambiri zinamangidwa kalekale poganizira ogwira ntchito m'boma, ndipo zipinda zake bedi lalikulu likalowa malo atha. Koma misewu inakonzedwa mwadongosolo, msika uli pafupi, chipatala chaching'ono chilipo, ndipo madzulo mumaona ana akusewera mpira ndi fulaye panja. Vuto lake nyumba sizipezeka wamba, wotuluka amasiyira m'bale wake.

Area 10, 12 ndi 43 n'kwabwino, kuli mitengo, kuli zii. Ngati thumba likulola pitani. Koma ndinene chilungamo, mwana kumeneko amakulira kuseri kwa mpanda wautali ndi galu. Mnzake wosewera naye mpaka mumutengere pa galimoto. Kwa mwana wochokera ku Zomba amene anazolowera kulowa nyumba iliyonse ya aneba, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Area 47 ndi 49 ndiye kumene kuli mabanja ambiri a msinkhu wathu. Gateway Mall ili pompo, chipatala cha ABC chili ku 47, bwalo la Bingu lija analitsegulira mu 2017 lili pafupi, masukulu a mkaka ndi a pulaimale olipira ali mbwee. Koma apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene ine ndinagwa nazo. Eliya imodzi yomweyo ili ndi nkhope ziwiri. Sekita ina kuli tara ndi ngalande, kungodutsa misewu itatu mwafika kumene anthu akumanga kumene, msewu wake wongolambula.

Nyumba yanga yoyamba ndinaiona mu Okutobala. Matailosi onyezimira, siling'i yoyera, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo. Ejenti anandiuza kuti pali anthu ena atatu akuifuna, ine n'kulipira lendi ya miyezi itatu tsiku lomwelo. Itafika Januwale, msewu unasanduka phala. Galimoto tinkaisiya kwa mayi wina wachifundo kufupi ndi tara, ine nsapato m'manja, mwana kumsana, chikwama cha kuntchito pamutu ngati ndikuchokera kuchigayo. Kuseri kwa nyumba kunali dambo limene mu Okutobala linkaoneka ngati bwalo la mpira. Udzudzu wake musanene. M'miyezi inayi mwana anadwala malungo kawiri, ngakhale tinkagona m'masikito. Pakhoma la kuchipinda kunatuluka nkhungu yakuda imene penti watsopano uja ankabisa.

Chichokereni pamenepo, nyumba sindiiona ndi ejenti yekha. Ndimabwererako ndekha tsiku lina, n'kukagula tomato pa kabenchi kapafupi, n'kuyamba kucheza ndi amayi ogulitsawo. Iwowo alibe chobisa. Afunseni kuti madzi amatuluka nthawi yanji, chifukwa malo ena okwera mpopi umayamba kulira 2 koloko usiku, ndipo ndi mwana wa zaka 2 amene akuphunzira kusiya matewera mukudziwa nokha kuchapa kwake. Afunseni kuti mvula ikagwa madzi amadutsa pati. Afunseni kuti amene anatuluka m'nyumbamo anachokeranji. Yang'anani m'munsi mwa mpanda, ngati pali mzere wa matope ofiira ndiye kuti madzi anafikapo pamenepo. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira mbali ya Mtandire mpaka asilikali anachita kupulumutsa anthu ndi helikopita, ena mwa iwo ana asukulu. Nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje kaya ikongole bwanji, kaya lendi itsike bwanji, isiyeni.

Za ukhondo nazonso musazipeputse. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira chifukwa cha iyo. Ngati nyumba ili pa mdadada, mabanja angapo chimbudzi chimodzi, onani kuti chili patali bwanji ndi pamene ana amasewerera, ndipo ngati pali chitsime pabwalo onetsetsani kuti n'chovindikira bwino. Wa zaka 2 amathamanga kuposa mmene timaganizira. Funsaninso ngati mita ya magetsi ndi ya madzi ndi yanuyanu. Mita yogawana imadanitsa anthu, mumagula mayunitsi inu, wina n'kumaphikira nyemba pa hotipuleti.

Area 25 ndi yaikulu kwambiri ndipo nyumba zake zimatsikirako mtengo. Kuli msika waukulu, chipatala, ma minibasi nthawi iliyonse. Kungoti fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala ndi loopsa m'misewu yopanda tara, ndipo mbali yoyandikira Kanengo nyengo yogulitsa fodya fungo lake limamveka mumphepo. Ngati mwana wanu ali ndi chifuwa cha mphumu, ganizirani kawiri.

Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chili pakati pa mzinda, Bwaila ili ku Old Town. Musanasaine kalikonse, yendetsani galimoto kuchoka pa nyumbayo kukafika kumene mungathamangire mwana atatentha thupi pakati pa usiku, muone mphindi zake.

Sukulu ya wamkuluyo musaisankhe pa chikwangwani. Masiku ano nyumba iliyonse ya zipinda zinayi ikusanduka "academy". Lowani nthawi yopuma, muone zimbudzi, muwerenge ana m'kalasi, muone ngati geti lili ndi mlonda. Za boma zilipo m'madera onsewa ndipo aphunzitsi ena ndi akhama zedi, koma ana amachuluka m'kalasi moti wa Sitandade 1 wamanyazi akhoza kutha teremu aphunzitsi osamudziwa dzina.

Ndikanakhala inu, bambo akanatsogola okha n'kukhala kaye kwa achibale kapena m'kachipinda ka lendi mwezi umodzi kapena iwiri, akuyendera nyumba Loweruka lililonse, makamaka tsiku loti mvula yagwa usiku. Inu ndi ana mukanatsatira pa holide, kuti wamkuluyo asadukize teremu pakati. Ndipo ndalama musatumize pa foni kwa ejenti amene mwangomupeza pa Facebook musanalowe m'nyumbamo n'kuonana ndi landilodi maso ndi maso. Mukapeza ziwiri zitatu zimene zakusangalatsani, lembani muno eliya ndi sekita yake, ambiri muno tikukhala komweko, tikuuzani mmene msewu wake umakhalira mu Febuluwale.