Mayi akamati "ine ndikungodikira tsiku langa"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Akuti mayi awo a zaka 76 amakhala okha kumudzi cha ku Luchenza, bambo anatisiya chaka chatha, ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi pa Mpamba koma mayi akungowonda, BP sikutsika, akawaimbira foni amangoti "ine ndikungodikira tsiku langa basi". Ndiye akufunsa kuti kodi kusungulumwa kungadwalitsedi munthu kapena ndi ukalamba chabe?

Achemwali, kumadwalitsa ndithu. Munthu akamakhala ndi maganizo usiku ndi usana thupi limatulutsa kwambiri cortisol, michere ina imene imachuluka m'magazi munthu akakhala ndi nkhawa, ndiye BP imakwera, shuga naye amasokonekera, tulo timasowa. Mu 2010 katswiri wa kafukufuku Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza makafukufuku 148 n'kupeza kuti anthu ogwirizana bwino ndi abale komanso anzawo anali ndi mwayi wokhalabe ndi moyo woposa enawo ndi 50 peresenti. Koma ngakhale osawerenga zimenezo, tangoganizani, ndani angakoleze moto, kuphika nsima, kupotera nandolo zonsezo kuti adye yekha? Amangomwa tiyi ndi chinangwa n'kugona, mapilisi a BP aja amaiwala poti palibe wowakumbutsa, tsiku la kuchipatala limadutsa poti wowaperekeza pa kabaza palibe.

Ine ndinaziona kwa agogo anga ku Chitakale. Namondwe wa Freddy atagwetsa khitchini yawo mu Malichi 2023 anangofookeratu, osatuluka m'nyumba, ife kumangoti "agogo musamadandaule, limbani mtima" ngati kuti mtima umalimba ndi mawu. Sizinathandize olo pang'ono. Chinawadzutsa ndi kamdzukulu ka Sitandade 4 kamene tinakatumiza kukakhala nawo, mwadzidzidzi agogo ayamba kudzuka mamawa kuphika phala, kukalipa kuti yunifolomu yada, kufunsa mbewu ya kalongonda. Kukalipa kuja ndiye tinadziwa kuti achira (agogo anga akasiya kulongolola ndiye kuti zinthu sizili bwino, ndikuuzeni). Mpaka mu Okutobala anakakamira kuti tiwatengere ku Chonde akaonere tchopa pa Mulhako.

Ndiye chiyembekezo cha munthu wamkulu chimabwera akakhala ndi chodikira, ndiponso akaona kuti akufunikabe. Ife ana a m'tauni timalakwitsa, timawalanda chilichonse ati "pumulani mayi, musamalime", kenako tikudabwa kuti akungokhala pakhonde. Asiyireni kadimba kawo, nkhuku zawo. Mukaimba foni musamangofunsa kuti ndalama yafika, afunseni nzeru, momwe amaphikira thobwa, nkhani za malire a munda, mayina a makolo. Ndipo muziimba tsiku lodziwika, kaya Lamlungu akaweruka kutchalitchi, kuti aziliyembekezera. Amayi a mvano kapena a chigwirizano akhozanso kumawayendera mukawapempha.

Koma musati zonse ndi maganizo ayi. Kuwonda pa msinkhu umenewo kukhoza kukhala shuga, TB, mano owawa kapena china, ndiye tengani tchuthi mupite nawo kuchipatala akayezedwe, ndipo mawu aja oti akudikira tsiku muwauze adokotala osabisa, poti matenda a maganizo okhala ndi mankhwala ake alipo. Ulendo umenewo musabwerere tsiku lomwelo, mugoneko masiku atatu, mudye nawo mbale imodzi muone kuti akudya mbamu zingati.